Timadontho ta mu sikobuku, tsopano ndatimvetsa

Abale mtima wanga wakhala pansi tsopano. Kwa nthawi yaitali zimandizunguza mutu kuti timu yathu ya kiriketi ya atsikana ndi azimayi imaluza bwanji magemu oti ma wicket sanathe, ma over 20 onse tamenya mpaka kumapeto, palibe chachilendo chomwe chachitika, koma ukayang'ana pa bolodi ma run ake ndi omvetsa chisoni. Timabwerera mu minibasi aliyense akuloza chake, wina akuti bati ndi yolemera, wina akuti ampaya anatidyera, wina akuti tilibe mphamvu zomenyera ma six. Kani nkhani yonse ili pa timadontho, mipira yomwe imadutsa opanda run.

Kwa amene simusewera, over ndi mipira sikisi, run imabwera omenya awiri akathamanga nkusinthana mbali, ndipo wicket ikagwa ndiye kuti womenya mmodzi watuluka. Chomwe chandilowa m'mutu ndi chakuti mu T20, gemu ya ma over 20, timu iliyonse ili ndi mipira 120 basi. Mudzati aaa zimenezo ndani sadziwa, inenso ndimadziwa, koma sindinkaiona ikutha. Ili ngati bundle ya tsiku limodzi, uigwiritse ntchito usaigwiritse ikutha ndithu ndipo palibe amene akubwezere.

Bondo litandivuta akochi anandipatsa sikobuku, buku lolembamo ma run, ndi pensulo kuti ndisamangokhala pansi pa mtengo. Ndiye uli pamenepo, mpira uliwonse uyenera kulemba kanthu mu kabokosi ka bowler, woponya mpira uja, ukadutsa opanda run umaika kadontho, wide (mpira woponyedwa kutali ndi womenya) ndi kamtanda, no ball (woponyedwa mophwanya lamulo) kamzere kozungulira, munthu akatuluka W. Over yonse ikatha opanda run timadontho sikisi tija umatilumikiza nkukhala M. Tsono ine dzanja langa limangoti dontho, dontho, dontho, wani, dontho, dontho, mpaka pensulo kubuntha, ndipo mayi amene amalemba za timu inayo pambali panga amajambula ma M awo akumwetulira. Ukakhala pa crease, pomwe womenya amaima, suzimva zimenezi, umangoona kuti wablocka bwino, sunatuluke, anzako kunja akukuombera m'manja kuti walimba. Pa pepala palibe zolimba, pali timadontho basi, ndipo nditawerenga tinali toposa theka la mipira yathu yonse, kutalitali.

Tiyerekeze mipira 75 yadutsa opanda run. Yatsala 45. Kuti mufike 120 ndiye kuti pa mpira uliwonse wotsalawo mukufunika pafupifupi ma run atatu, ndani pa timu ngati yathu angachite zimenezo? Koma mukatsitsa timadontho kufika 40, muli ndi mipira 80 yobala kanthu, ngakhale onse atakhala ma single ndi 80 kale imeneyo, kuonjezera ma two angapo, ma four awiri atatu a mwayi, ndi ma wide omwe anzathu aja atipatse okha, mwadutsa 100 opanda munthu ndi mmodzi yemwe womenya mpira m'mwamba. Masamu a sitandade 5 enieni. Ndinawawerengera kuseri kwa buku lomwelo kangapo poganiza kuti penapake ndaphonya, ayi ndithu amatuluka chimodzimodzi.

Ndiye ukaitembenuza nkhani yomweyo imagwiranso ku bowling. Wide kapena no ball timangoiona ngati run imodzi yaulere, koma choopsa chake nchakuti mpirawo suwerengedwa, anzanuwo mwawaonjezera pa 120 paja, ndipo no ball imabweranso ndi free hit, mpira wotsatira womwe kutulutsa womenya nkovuta. Mu October 2023 ku Buenos Aires azimayi a Argentina anamenya 427 atataya wicket imodzi yokha posewera ndi Chile, ndipo mu gemu imeneyo a Chile anaponya ma no ball 64. Ndiye kuti Argentina inalandira mipira yoposa 180 mu gemu ya mipira 120. Sindikuwaseka ayi, ndi anthu ngati ife tomwe, oweruka kuntchito nkupita ku training. Chimodzimodzi a Mali omwe anatuluka onse ndi ma run 6 posewera ndi Rwanda ku Kigali mu 2019. Zoterezi zinayamba kuoneka poyera ICC, bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse, italamula kuti kuyambira July 2018 magemu a T20 a azimayi pakati pa maiko onse omwe ndi mamembala ake akhale ovomerezeka, ndipo timu ya Malawi inayamba ake chaka chomwecho ku Gaborone. Ma scorecard amenewa ali pa intaneti, ine ndikawatsegula masiku ano maso anga amathamangira pa mzere wa ma extras, ma run aulere monga a ma wide ndi ma no ball, ndi pa mipira yomwe munthu wakumana nayo, za amene wamenya fifite ndimaona pambuyo.

Chifukwa chake ine ndikuti aliyense pa timu, kaya ndi captain kaya wabwera dzulo, azilembako sikobuku ndi dzanja gemu yathunthu asanapatsidwenso bati. Osati pa foni, ma app aja amakuwerengera okha ndiye umangodina osamva kuwawa. Pensulo ndi pepala. Ndikukhulupirira kuti zimenezi zokha zikhoza kusintha timu kuposa mwezi wathunthu wa mu neti, ndipo anzanga ayamba kale kunditcha mayi a timadontho kkkk koma sindisintha. China ndi tip and run, kagemu kaja koti bati ikangokhudza mpira uyenera kuthamanga, ufune usafune. Timaitenga ngati ya ana koma ndi imene imaphunzitsa manja ofewa, kuugwetsa mpira pafupi pomwepo mbali yomwe fielder waima patali nkunyamuka. Ikanakhala timu yanga training yonse ikanakhala imeneyi.

Apa ndi pomwe ndimakwiya nawo pang'ono akochi, ngakhale ndimawalemekeza, munthu amabwera osalipidwa kanthu ndipo nthawi zina mipira amagula ndi ndalama za m'thumba mwawo. Koma zaka zonsezi nyimbo ndi imodzi, chigongono m'mwamba, mutu pa mpira, phazi kutsogolo. Cover drive yokongola, kamenyedwe komwe amakakonda. Mu neti mulibe fielder, mulibe kuthamanga, mulibe mnzako wa mbali inayo woti umukuwire yes kapena no, ukamenya mpira umagunda neti nkugwa ndipo aliyense amati shot! osadziwa ngati pa gemu ikanakhala run kapena yalunjika m'manja mwa munthu. Nanga bwanji sanatikhazike pansi tsiku limodzi nkutionetsa buku? Nditawafunsa anangoti mwana wanga technique kaye, zinazo zibwera. Zibwera liti poti enafe mawondo ayamba kale kudandaula.

Komanso nthawi yake ndi iti. Ambiri timaweruka 5 koloko, ukwere minibasi ufike pa ground dzuwa lapendeka, miyezi ya June ndi July ikamakwana 6 mpira wofiira suonekanso. Loweruka anyamata a mpira wamiyendo amakhala atatenga kale bwalo ndiye timayamba ndi kukambirana. Ma pad ndi obwerekana, wotuluka amavula akuthamanga kuti wotsatira avale, helmet imazungulira mitu yonse. Mvula ikayamba udzu umakula moti mpira wogudubuzika sufika ku boundary olo utamenya bwanji, zomwenso zikungovomereza nkhani yanga ya ma single. Wina akayamba kudziwa bwino basi mayeso a MSCE afika makolo amuletsa, wina wakwatiwa abambo akunyumba akuti masewera ovala thalauzi tsiku lonse ayi, ndipo achibale ukawauza amangofunsa kuti bwanji osangosewera netball ngati anzako. Anzathu a ku Rwanda ali ndi mpikisano wa Kwibuka kuyambira 2014 ndi bwalo lawo ku Gahanga, ndipo atsikana awo a under 19 anakagonjetsa Zimbabwe ndi West Indies pa World Cup ku South Africa mu January 2023. Amenewo amasewera magemu, ife timachita training yodikira gemu yosadziwika tsiku.

Komabe kusintha kulipo, ndisaname. Atsikana ayamba kukuwa pothamanga, kale timangoyang'anana pakati pa pitch ngati takumana pa msika. Wa mbali ya bowler wayamba kuyenda mpira ukamachoka m'manja m'malo moima chilili atatsamira bati, ngakhale apa timakumbutsana kuti osatuluka msanga, paja Deepti Sharma wa India anamutulutsa Charlie Dean wa England choncho pa bwalo la Lord's mu 2022 ndipo malamulo amalola. Tili ndi kamtsikana kena kanachokera ku netball, kamenya mpira osapitirira masitepe asanu koma kafika kale mbali inayo, ma fielder amachita kusokonezeka nkuyamba kuponya mwaphuma, overthrow, ina run yaulere. Ma bowler nawo tawaikira nsapato yakutha pa length, malo omwe mpira uyenera kugwera, kuti azilunjika pamenepo, liwiro aiwale kaye, ndipo timitanda mu buku tayamba kuchepa.

Ndimakonda kuonera ma video a Thailand, timu yomwe osewera ake oyamba ambiri anachokera ku softball koma inafika pa T20 World Cup ku Australia mu 2020, nkumenya 150 posewera ndi Pakistan mvula isanaononge gemu. Si anthu a matupi akuluakulu, koma kuthamanga kwawo ndi fielding ndi zina. Ndikawaona ndimati eya ndi zomwezi ndikunenazi. Kenako ndimakumbuka kuti 150 siibwera ndi ma single okha, Natthakan Chantham tsiku limenelo ma four amamenya ndithu, ndi ma drive omwe aja akochi amatiumiriza.

Ndiye pamenepa ndi pomwe sindinafike pomvetsa. Chiyambireni tip and run ma run out, kutuluka uli pakati pothamanga, achuluka pa timu, ena opusa zedi, ndipo wicket ikagwa wolowa kumene amadyanso timadontho take poyamba asanazolowere, ndiye kaya tikupindula kaya tikungosuntha vuto. Komanso tikadzakumana ndi timu yodziwa, captain wawo akadzangokokera ma fielder onse mkati mwa circle, pafupi ndi womenya, atazindikira kuti sitingawadumphitse, ma single aja adzachokera kuti? Mwina pamenepo chigongono cha akochi chidzafunika. Kapena pali nambala ya timadontho yomwe munthu uyenera kungoivomera, kaya ndi 40 kaya 50, ine sindinaipeze, ndipo bondo likachira nkubwerera pa crease sindikudziwa ngati miyendo idzamvere zomwe mutu wamvetsazi.