Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Mawaya a ku injini

Gawo lapitali ndinalekezera pokweza injini pa Sling 2 ya abwana anga. Ndege zimenezi amapanga konkuno ku Joni, ku Tedderfield, ndipo munthu ukhoza kugula zidutswa zake n'kumalumikiza wekha m'galaja. Yathuyi tinaikamo injini ya Rotax 912 ULS, ya mphamvu ya 100 hp. Itakhazikika, ntchito ya mawaya inagwera ine, poti kwathu ku Ndirande ndinali wa magetsi a galimoto.

Waya wa galimoto abwana anaukaniratu. Pulasitiki yake ikapsa imafuka utsi wotsamwitsa, ndipo m'mwamba mulibe poimika kuti utuluke. Anagula Tefzel, waya woyera wopyapyala, wopirira kutentha mpaka 150°C.

Chimene chinandidyera mutu ndi kugwedera. Injini imakhala pa timphira, ndiye poiliza ndi poizimitsa imadzigwedeza kwambiri, pomwe khoma lachitsulo lotchinga moto kumbuyo kwake lili chilili. Waya aliyense wochoka pa injini kupita pa khomalo ayenera kukhwefuka pang'ono. Ukamukunga, amadukira pa mfundo, mwina mkati mwa chikopa momwe diso silifika. Ukamulekerera, amakhuza pa chitsulo mpaka kusupuka. Pakatikati pa ziwirizi mpovuta kupapeza, ndipo ndinkachita kugwira injini ndi manja awiri, kuikankha uku ndi uku, n'kumaona waya amene akudandaula.

N'chifukwa chakenso sindinawotcherere mfundo ndi mtovu monga tinkachitira pa maminibasi. Mtovu umalowerera m'timaulusi ta waya n'kumuumitsa, ndipo pamene kuumako kwathera mpamene amathyokera. Mfundo zonse ndinafinya ndi pulayala yake.

Paliponse pamene waya wadutsa khomalo ndinaika mphete ya mphira, n'kumata mankhwala osagwira moto. Mitolo ndinaimanga ndi makilampu okhala ndi mphira mkati, kutali ndi ekizozi, ndipo nthawi zonse pamwamba pa mapaipi a petulo, kuti akadontha asadonthere pa magetsi. Tizingwe tapulasitiki tomangira tija sindinkatikulunga pa zitsulo zonyamula injini. Fumbi ndi oyilo zikalowa pansi pake, timadya chitsulo pang'onopang'ono.

Waya amene ndimamulemekeza kuposa onse ndi wa earth, wonenepa uja wochoka pa injini kubwerera ku batire. Akasowa, mphamvu ya sitata imadzifunira njira yake, ngakhale kudzera m'kebulo ya throttle, yowonjezera kapena kuchepetsa liwiro la injini, n'kuiotcha.

Madala ena ovomerezeka kuyendera ndege zomanga pakhomo atabwera, sanayambe ndi mapepala. Anapisa dzanja kuseri kwa injini, n'kumakoka waya mmodzimmodzi. "Mnyamata, unaphunzira kuti?" Ndinati, "Ku Ndirande, bambo." Anandiuza kuti ndiwonjeze kilampu imodzi pafupi ndi regulator, kabokosi kowongolera mphamvu ya magetsi, kenako anatilola kupitiriza. Kunatsala kuiliza koyamba, koma nkhani imeneyo ndi ya gawo 15.