Sukulu Yathu ya Ana a Zilankhulo Zambiri: Momwe Inayambira

Ndinagwira ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za boma kwa zaka 12 ndisanatsegule sukulu yangayanga m'chaka cha 2016, m'dera lina la mumzinda wa Lilongwe, pafupi ndi msika waukulu wa m'deralo. Mpamba unachokera ku banki mkhonde ya amayi a kutchalitchi kwathu ndi ku ndalama zochepa zomwe ndinkasunga. Amuna anga, omwe ndi kalipentala, ndiwo anakhoma mabenchi oyamba, ndipo kalasi yathu inali chipinda cha kuseri kwa nyumba chomwe poyamba tinkasungiramo chimanga. Tinayamba ndi ana 14 a sukulu ya mkaka, kenako chaka chilichonse tinkawonjezera kalasi imodzi.

Maganizo anga anali oti ndidzaphunzitsa ana a Amalawi anzanga monga momwe ndinkachitira kuboma, kungoti m'kalasi ya ana ochepa. Koma oyamba kulipira fizi pa nthawi yake anali makolo ochokera ku Burundi, Rwanda ndi Democratic Republic of Congo, omwe anali ndi magolosale ndi mashopu pamsika paja. Pofika chaka chachitatu, m'kalasi imodzi munkamveka Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chiswahili ndi Kirundi, ndipo ana ena omwe anayambako sukulu kwawo ankadziwa kulemba zilembo m'Chifalansa. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, ndipo makolo onse, Amalawi ndi obwera omwe, ankalipira ndalama zawo pofuna Chingerezicho. Motero ndinachita zomwe sukulu zambiri zoyima pazokha zimachita: ndinaletsa chilankhulo china chilichonse pabwalo la sukulu, ndipo wopezeka akulankhula chakwawo ankasesa kalasi anzake ataweruka.

Lamulo langali linatenga teremu imodzi yokha. Ana olankhula Chichewa ankaliswa mobisa n'kumathandizana, pomwe ana obwera, omwe sankadziwa Chingerezi ngakhalenso Chichewa, anangokhala chete. Mtsikana wina wa ku Congo anatha masabata atatu osatulutsa mawu, mpaka ndinayamba kuganiza kuti ali ndi vuto la makutu, kufikira tsiku lomwe ndinamupeza kuseri kwa chimbudzi akuphunzitsa mng'ono wake kuwerenga manambala m'Chiswahili mpaka 100. Ndinachita manyazi, chifukwa mu lipoti lake ndinali nditalemba kale kuti satha kuwerenga.

Kuyambira pamenepo tinasintha kaphunzitsidwe. Mawu atsopano aliwonse timayamba tawafunsa kwa ana, n'kulemba pabolodi mayankho onse tisanalembe a Chingerezi. Tsiku lomwe tinaphunzira za madzi, ana a Chitumbuka ndi a Chiswahili anadabwa kupeza kuti onse amati maji, a Chiyao anati mesi, a Kirundi anati amazi, ndipo kalasi yonse inaona yokha kuti zilankhulozi ndi zapachibale. Mawu monga nyumba, nyama, mbuzi ndi moto ndi ofanana m'Chichewa ndi m'Chiswahili, kotero mwana wobwera sayambira pansi penipeni monga momwe ndinkaganizira. Vuto lenileni linali pa kalembedwe. Mwana wozolowera Chifalansa amawerenga ch ngati sh, amawerenga ph ngati f, moti phala limasanduka fala, ndipo akamva u amalemba ou. Wozolowera Chiswahili amasiya h m'mawu monga nkhuku ndi nthawi, chifukwa kwawo nkhuku ndi kuku. Mphunzitsi yemwe sakudziwa gwero la zolakwikazi amangodula ndi cholembera chofiira n'kunena kuti mwanayo ndi mbuli, pomwe mwanayo akutsatira bwino lomwe malamulo a kalembedwe kena. Mayeso a Sitandade 8 a MANEB ali ndi pepala la Chichewa, kotero zinthuzi timazikonza msanga, mwana akadali m'makalasi oyambirira.

Cholakwa chomwe chinanditayitsa ndalama komanso ulemu chinali cha mayina. Tinali ndi lamulo loti mwana wachiwiri wa m'banja limodzi azilipira fizi yotsikirapo. Bambo wina wa ku Burundi anabwera ndi ana atatu, aliyense ndi dzina lake losafanana ndi la mnzake ngakhalenso ndi la bambowo, ndipo ine ndinaganiza kuti atolera ana a anzawo kuti andipusitse. Ndinawakaniza. Iwo sanakwiye, anangoti, "Amayi aphunzitsi, kwathu mwana aliyense amapatsidwa dzina lake, dzina la bambo silipita kwa mwana." Sindinawakhulupirire, ndipo anapita nawo anawo kusukulu ina. Patapita miyezi ndi pamene mayi wina wa ku Rwanda anandifotokozera kuti umenewu ndi mwambo wakale wa ku Rwanda ndi ku Burundi. Ndinapita ndekha kugolosale kwa bambo aja kukapepesa, ndipo teremu yotsatira anabweza ana awiri mwa atatuwo.

Fomu yolembetsera nayo inali ndi msampha. Ndinaikopera ku mafomu omwe tonse tinazolowera, ofunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera. Kwa mwana wobadwira kumsasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, yemwe makolo ake anathawa nkhondo, mizere itatuyi ilibe yankho. Phunziro lojambula mudzi wakwanu, lomwe ana ena amalikonda kwambiri, linaliza mnyamata wina wa zaka 8 mpaka tinaitanitsa mayi ake. Masiku ano timafunsa ana kuti ajambule malo omwe amawakonda, ndipo yemwe akufuna kufotokoza za kwawo amatero mwa kufuna kwake. Sitifunsanso mwana wa ku Rwanda kapena ku Burundi kuti ndi wa mtundu wanji, ndipo aphunzitsi atsopano ndimawauza zimenezi tsiku loyamba, chifukwa kuno funso loti ndiwe Mngoni kapena Mlomwe ndi macheza chabe, koma kumeneko funso lotere linaphetsa anthu ochuluka mu 1994.

Nkhani za chipembedzo sizinativute monga momwe ndinkaopera. Pa sukulu sitiphika nyama ya nkhumba, ndipo nyama timagula kwa ogulitsa Achisilamu kuti mwana aliyense adye m'poto mmodzi. Lachisanu timaweruka 12 koloko isanakwane. Makalasi apadera a Loweruka tinawasiya chifukwa cha ana a mpingo wa Seventh Day Adventist. Ana a Mboni za Yehova saimba nyimbo ya fuko, ndipo timangowapempha kuti akhale mwaulemu anzawo akuimba. Atsikana Achisilamu tinawalola kuvala hijabu ya mtundu wa yunifolomu yathu kale, mkangano wa ku Balaka wa 2019 wokhudza hijabu m'sukulu usanabuke komanso atsogoleri a zipembedzo asanasainirane mgwirizano wa 2021 pa nkhaniyi kudzera ku bungwe la zipembedzo la Public Affairs Committee. Sindinganame kuti ndinatero chifukwa cha nzeru zakuya. Ndinangowerengera kuti makolo asanu akachotsa ana awo, malipiro a mphunzitsi mmodzi asowa.

Makolo ena Achimalawi sanakondwe ndi zonsezi. Ankadandaula kuti ana awo akubwera kunyumba ndi mawu a Chiswahili m'malo mwa Chingerezi, ndipo ena ankatchula sukulu yathu kuti ya Maburundi, dzina lomwe mumzinda muno limaponyedwa kwa mlendo aliyense wochokera kumaiko amenewo. Ena anachotsadi ana awo. Omwe anatsala ndinkawaitana kuti adzakhale kumbuyo kwa kalasi kwa ola limodzi, adzionere okha kuti mawu a Chingerezi amakhazikika msanga m'mutu mwa mwana akalumikizidwa ndi mawu omwe akuwadziwa kale. Ndinalembanso ntchito mtsikana wina wodziwa Chiswahili ndi Chiyao, wochokera ku Mangochi, kuti azithandiza m'kalasi ya ana aang'ono ndi kumasulira pa misonkhano ya makolo, ndipo ndalama ya malipiro ake sindinaidandaulepo ngakhale m'miyezi yovuta.

Miyezi yovutayo inabwera kawiri. M'mwezi wa Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo tinakhala miyezi yambiri opanda fizi, tikudya za ukalipentala wa amuna anga. Chachiwiri chinali chachikulu. M'chaka cha 2023 boma linalamula kuti onse othawa kwawo omwe ankakhala m'mizinda ndi m'midzi abwerere kumsasa wa Dzaleka m'boma la Dowa, ndipo m'mwezi wa Meyi apolisi ndi asilikali anayamba kuwasamutsa. Msasawu unatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale panali ndende, unakonzedwera anthu pafupifupi 12,000, koma pa nthawiyo munali kale anthu oposa 50,000. M'sabata imodzi mabenchi athu ambiri anatsala opanda okhalapo. Ana ena anachoka osatsanzika, makope awo ali m'kabati, teremu isanathe. Kumapeto kwa chaka chomwecho, mu Novembala, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya choko, mapepala ndi soya wa phala inakwera pomwe makolo otsalawo sakanatha kulipira fizi yokwera. Ndinaphatikiza makalasi awiri n'kusiyana ndi aphunzitsi awiri omwe ndinkawadalira.

Sukulu sinatsekedwe. Omwe anadzaza mabenchi pang'onopang'ono ndi ana a mabanja osamukira ku Lilongwe kuchokera ku Karonga, Rumphi, Machinga ndi Nsanje, komanso ana obadwira ku South Africa omwe makolo awo awatumiza kwa agogo, omwe amafika akulankhula Chizulu ndi Chingerezi koma osadziwa kupereka moni kwa wamkulu m'Chichewa. Njira zomwe tinaphunzira pa ana a ku Congo ndi ku Burundi ndi zomwezo tikugwiritsa ntchito pa mwana wa Chinkhonde kapena wa Chisena, ndipo makolo atsopano ambiri amabwera chifukwa anamva kuti kwathu mwana wosadziwa Chichewa sasekedwa. Makope a ana omwe anapita ku Dzaleka ndinawamanga m'katoni, ndipo kholo likaimba foni kupempha lipoti kapena kalata yosamutsira mwana, ndimalemba tsiku lomwelo popanda kufunsa za ngongole ya fizi, n'kuitumiza pa minibasi yopita ku Dowa.