Ulendo wathu wa ku Cape Town, kumene anagona Akibishopu Tutu

Ife Aangilikani a ku Malawi amene tikukhala ku Johannesburg tinanyamuka Lachisanu madzulo pa basi, ulendo wa ku Cape Town. Msewu wa N1 ndi wautali, makilomita pafupifupi 1,400 kudzera ku Bloemfontein ndi ku Beaufort West, koma amayi a Mothers' Union anaufupikitsa ndi nyimbo.

Tinafikira kutchalitchi chachikulu cha St George's. Phulusa la Akibishopu Desmond Tutu linaikidwa momwemo, pansi, patsogolo pa guwa. Anamwalira pa 26 Disembala 2021 ali ndi zaka 90, ndipo mwa kufuna kwawo bokosi lawo linali lamatabwa wamba. Pa 13 Seputembala 1989 khamu la anthu zikwizikwi linayambira patchalitchi pomwepa kuguba mwamtendere potsutsa tsankho la boma la azungu, iwo ali patsogolo.

Abambo wansembe amene tinapita nawo anatikhazika pamabenchi n'kutifotokozera mbiri yawo. Tutu anabadwira ku Klerksdorp mu 1931. Poyamba anali mphunzitsi, koma ntchitoyo anaisiya boma litabweretsa Bantu Education, maphunziro opangidwira dala kuti mwana wakuda asapite patali. Anadzozedwa unsembe mu 1961, nakaphunzira zaumulungu ku King's College ku London. Anakhala bishopu wa Lesotho mu 1976, analandira mphoto ya Nobel mu 1984, ndipo mu 1986 anakhala munthu wakuda woyamba kukhala Akibishopu wa Cape Town.

Ambirife tinkawadziwa ngati munthu wa zionetsero. Abambo anatsindika kuti mizu yake inali m'Baibulo ndi m'pemphero. Tutu ankadzuka m'bandakucha kupemphera, ndipo Ukaristiya sankauphonya ngakhale ali paulendo. Chiphunzitso chawo chinali chakuti munthu aliyense analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, choncho tsankho ndi mwano kwa Mulungu mwini, osati vuto la ndale chabe. Ndi chikhulupiriro chomwechi anatsogolera Truth and Reconciliation Commission, bungwe lofufuza nkhanza za nthawi ya tsankho, kumene ozunza anzawo ankaulula zimene anachita pamaso pa ozunzidwawo.

Masana tinakaona chionetsero cha zithunzi ndi mbiri ya moyo wawo kunyumba yakale yotchedwa Old Granary. Apa mpamene nkhani inatikhudza tokha. Mu Meyi 2008, alendo ochokera kumaiko ena akuphedwa ndi kuthamangitsidwa ku Alexandra, mu Johannesburg, ndi madera ena, Tutu anadandaulira anthu a dziko lawo kuti aleke, nawakumbutsa kuti maiko a mu Africa anawasunga nthawi ya tsankho. Ena mwa ife chaka chimenecho anagona kupolisi ndi m'matchalitchi, ndipo m'bale wina wachikulire anatisimbira momwe anathawira wopanda ngakhale bulangete. Ine ndimaona kuti mawu amenewo anali olemera mofanana ndi aja ankauza boma la azungu, chifukwa apa ankadzudzula anthu awo omwe.

Pobwerera tinagwirizana kuti thumba lathu la maliro liziperekanso thandizo kwa obwera kumene amene alibe pogona, kaya ndi a mpingo wanji. Komiti ikumana Lamulungu likubwerali ikatha Misa kuti ikonze za chopereka.