Mwendo unakwera wokha, kutsika kunafuna komiti

Popeza kavidiyo kaja kazungulira kale m'magulu onse a WhatsApp, mpaka msuweni wanga wa ku Johannesburg wanditumizira ngati ineyo kunalibeko, ndati ndifotokoze ndekha musanathiremo mchere wina. Choyamba, buluku silinang'ambike kawiri monga akunenera ena. Linang'ambika kamodzi, kungoti motalika. Chachiwiri, galu amene mukumumva akuuwa m'kavidiyomo si ine.

Mlanduwu ndi wa malemu bambo anga. Pobwera kuchokera ku migodi ya ku Joni anatenga gumbagumba, chipewa cha nthenga ndi mbale za nyimbo zingapo, ndipo imodzi mwa mbalezo inali ya Little Richard, woimba wa ku America. Ndinakula ndikumva munthu akukuwa ngati waponda khala la moto koma n'kumakondwera nalo. Agogo ankati mbaleyo ili ndi chiwanda, ikangoyamba kuzungulira iwo ankanyamula mphasa yawo n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe. Ine ndiye ndinkasendeza khutu pasipika.

Nditakula ndinamufufuza mkuluyu, ndipo ndinapeza kuti tili ndi zambiri zofanana. Dzina lake lenileni linali Richard Penniman, anabadwa mu 1932 ku Macon m'chigawo cha Georgia, wachitatu m'banja la ana 12. Ine ndine wachitatu mwa ana 9. Kuimba anayambira kutchalitchi, inenso chimodzimodzi. Iye ankatsuka mbale pa depoti ya mabasi, kenako mu 1955 anapita ku New Orleans n'kukajambula nyimbo ya Tutti Frutti, basi kuchoka pa kutsuka mbale n'kuyamba kugulitsa mbale. Ine ndinathera pa kutsuka pomwepo. Koma chimene chinandidya mutu ndi makanema ake akale aja: tsitsi litaunjikidwa ngati chulu, tindevu tolembedwa ngati ndi pensulo, piyano akuimba choimirira, kenako mwendo uja kweze, n'kuusanjika pamwamba pa piyanoyo, manja osaleka kumenya. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuona kuti zimenezi si zovuta.

Ndiye ukwati wa mlamu wanga, mng'ono wawo wa mayi a kunyumba. Anandipempha kuti ndiwaimbire kiyibodi pa madyerero, popeza ndaimba kiyibodi ya kwaya yathu zaka 19 ndipo sindilipiritsa. Nyimbo zonse za kwaya ndimaziyendetsa ndi makodi atatu, ndipo rock and roll nayonso ndi makodi atatu omwewo, kungowathamangitsa. Perekaniperekani atafika pakati, holo itazizira, anthu akuponya ma K50 ngati akupereka msonkho, ndinaona kuti banja likufunika thandizo langa. Ndinakankha mpando. Ndinakweza liwiro. Ndinakuwa kukuwa kuja kwa pamwamba, kumene ngakhale Paul McCartney ankavomera kuti anakutengera kwa Little Richard, nthawi imene a Beatles anali anyamata ongotsegulira mashoo ake mu 1962. Kwanga kunamveka ngati mbuzi yakodwa m'chingwe, komabe anthu anadzuka. Amayi anayamba nthungululu. Ndalama zinayamba kuuluka. Mverani bwino pamenepa, chifukwa kavidiyo kaja kanayambira mochedwa: kwa mphindi ziwiri zathunthu ine ndinali katswiri.

Kenako mwendo wamanja unaganiza zake.

Kukwera unakwera bwinobwino, ndikunenetsa. Chidendene chinatera pamwamba pa kiyibodi, pamene pamakhala timabatani tambirimbiri tija. Pomwepo zinthu zitatu zinachitika nthawi imodzi. Msempha wa kuseri kwa ntchafu unakoka n'kuuma gwa ngati mpini wa khasu. Buluku la suti, lomwe ndinasoketsa ndili ndi mimba ina, linalankhula. Ndipo popeza ndinali nditawerama, maikolofoni inali itagwera chakumunsi, moti mawu a bulukulo anadutsa m'masipika onse anayi. Kwaaaaa. Linayambira kutsogolo, linapuma pang'ono pakati ngati likufunsa njira, n'kupitiriza mpaka palamba kumbuyo. Chachitatu, chidendene chija chinadina batani limene pa zaka 19 sindinkadziwa kuti lilipo, ndipo mawu a piyano anasanduka a galu.

Munthu wanzeru akanasiya kuimba. Ine ndinakumbukira kuti woimba weniweni saima pakati pa nyimbo. Choncho ndinapitiriza. Dzanja lamanzere likuuwa ngati chigalu cha kwa bwana, lamanja likulira ngati tiana tagalu tosiyidwa pamvula, ng'oma za m'kiyibodi zikuthamanga pa liwiro limene chidendene chinasankha, ine nditaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, mphepo ya fani ikulowa m'malo amene sinaitanidwe. Ndinayesa kutsitsa mwendo, unakana. Ndinaulankhula chamumtima, mwaulemu, ndinautchula kuti achimwene. Unangoti zii. Kutsogolo kwanga kwenikweni, pa tebulo la ulemu, panali apongozi anga aakazi, munthu amene kwa zaka 23 sindinadyepo nawo m'chipinda chimodzi, amene tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Anakweza chitenje n'kuphimba nkhope. Kenako ndinaona chitenjecho chikutsika pang'ono, diso limodzi n'kutuluka.

Apa ndi pamene a MC anaonetsa kuti sanalembedwe ntchito mwangozi. M'malo mondithandiza anathamangira pakati ndi beseni. "Akuchikazi akuti mwendo wa alamu utsike, aponya K1,000! Akuchimuna mukuti bwanji?" Akuchimuna, anthu amene ndinali ndisanawalakwirepo chilichonse, anadzuka onse ngati amenyedwa ndi waya wamagetsi. K2,000, mwendo ukhale pomwepo. Akuchikazi anasonkherana, utsike. Amalume ena a mkwati, achikulire ndithu, a ndodo, anayenda pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo kwa holo, anafika, anandiyang'ana kuyambira kudazi mpaka kunsapato, n'kutsomeka K500 m'sokosi yanga. Anati, "Pitirizani, bambo." Ine misozi ili m'maso, galu akuuwabe. Ndikuganiza kuti ndinakhala pamenepo zaka ziwiri. Kavidiyo kakuti masekondi 94, koma foni sidziwa za msempha.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi sitandi ya kiyibodi. Little Richard ankasanjika mwendo pa piyano yeniyeni, chimtengo cholemera chofuna amuna angapo kuti chisunthe. Ine ndinausanjika pa tizitsulo tiwiri topingasana, tomangidwa ndi waya pamene panaduka bawuti. Tinapirira mmene tikanathera, kenako tinangodzipinda. Kiyibodi pansi, ine pamwamba pake thapsa, ndipo makiyi onse 61 anauwa kamodzi. Mayi a kunyumba anafika ndi chitenje, anandikulunga m'chiuno ngati mwana wochokera kosamba, n'kundinong'oneza mawu atatu okha: "Bambo, tiyeni kunja."

Tsopano amene mukuseka, tiyeni tione chilungamo. Mkulu uja pamene ankachita zimenezi anali ndi zaka za m'ma 20. Ine ndili ndi 54. Komanso iye anabadwa ndi mwendo wina waufupi pang'ono, ndiye mwina ankangokweza wautaliwo kuti upume. Yanga ndi yofanana, palibe wopuma. Ndipo musaiwale kuti munthuyu anavutikapo ndi anthu osayamika ngati inu. Nyimbo yake yomwe ija anaibwereza mzungu wina, Pat Boone, mofatsa ngati akuwerenga zolengeza, ndipo ya mzunguyo ndi imene inakwera pamwamba kuposa ya mwiniwake pa mndandanda wa nyimbo zotchuka. Iye ankadandaula poyera kuti ndalama za nyimbo zake zinadyedwa ndi ena. Inenso ndalama zonse za mwendo wanga zinapita kwa akwati. Ngakhale K500 ya m'sokosi ija a MC anabwera kudzaitenga kunja.

Lamulungu lotsatira akulu a mpingo anandiitanira kuseri. Funso lawo linali lakuti kodi nyimbo zotere n'zoyenera munthu wa kwaya. Apa ndiye ndinawayala mbiri. Ndinawauza kuti mu 1957, ali pa ulendo woimba ku Australia, kutchuka kuli pachimake, Little Richard anaona chimoto chikudutsa kumwamba, m'masiku amene dziko la Russia linali litangoponya m'mlengalenga setilaiti yotchedwa Sputnik, ndipo iye anati ndi chizindikiro chochokera kwa Mulungu. Anaponya mphete yake yodula m'madzi, anasiya rock and roll, n'kupita kukaphunzira za Baibulo ku Oakwood College ku Alabama, sukulu ya a Seventh Day. Anabwereranso ku nyimbo zake, mpaka Jimi Hendrix anamuimbirapo gitala asanatchuke, kenako anabwereranso ku ulaliki, pena kugulitsa Mabaibulo kumene, moyo wake wonse mwendo wina kuguwa wina kusiteji. Mu 1986 anali m'gulu loyamba kulowa mu Rock and Roll Hall of Fame, ndipo atamwalira mu 2020 ali ndi zaka 87 anaikidwa m'manda a ku Oakwood komweko. Ndinamaliza ndi mawu akuti ndinkatsanzira mlaliki.

Akuluwo anakhala chete. Kenako mmodzi anati, "Ndiye inu chizindikiro chanu mwachiona kale, kapena mukudikira china?"

Kiyibodi ikugwirabe ntchito, kupatula makiyi awiri a kumanzere amene amauwa nyengo ikazizira. Buluku ndinapita nalo kwa telala wa pakhonde. Analitambasula, analiyang'ana padzuwa, anandiyang'ana ine, n'kutulutsa foni yake kufunsa ngati ndine yemwe uja. Akuti ndikalitenge Lachinayi. Apongozi sananenepo kanthu, kungoti dzulo anatumiza mwana ndi kabotolo ka mankhwala opaka.