Zikomo pondiyendetsa pa Ilha de Moçambique

Abale anga, matenda anga munawamva nonse, ndiye kuthokoza kwakenso kumveke pagulu. Inu amene munkabwera kudzandizonda nditachitidwa opaleshoni ya m'chiuno, dziwani kuti ndayenda. Ndi ndodo, inde, koma tsiku lonse lathunthu ndinali panja pa Ilha de Moçambique, chilumba cha ku Mozambique.

Mwana wanga, iwe ndi amuna ako mwandichitira zazikulu. Apongozi, munatiwolotsa bwino pamlatho wopapatiza uja wopita kuchilumbachi, wotalika makilomita oposa 3, ine nditatsinzina ulendo wonse. Pepani kuti ndinkakuuzani zochita chonsecho sindikuona.

Mnyamata amene ankatiperekeza sindimuiwala. Sanandithamangitse. Mu linga la São Sebastião, lomwe Apwitikizi anayamba kumanga mu 1558, ankayamba wandipezera pamthunzi pokhala, kenako n'kumafotokoza. Kumapeto kwa lingalo kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522, kakang'ono zedi, mafunde akumenya pansi pake. Ndinati ndatopa, pitani nokha. Iye anangoti, "Amayi, tifika pang'onopang'ono," ndipo tinafikadi.

Chimene ndamuyamikira kwambiri n'chakuti sanangotionetsa nyumba zokongola za atsamunda. Chilumbachi chinali likulu la dziko la Mozambique mpaka mu 1898, koma iye anatitengeranso ku Macuti, kumene anthu ambiri amakhala. Kumeneko nyumba zili m'munsi, moti ukaima pamsewu umaona madenga. Miyala yomangira tauni ya azungu inkakumbidwa pomwepo, eni nthaka n'kutsala m'maenje. Zimenezi zinandikhudza kuposa mizinga yonse ya mu linga.

Zikomonso kwa mayi wogulitsa zitenje, zija amati capulana, amene nkhope yake inali mbee ndi mussiro, phala loyera lochokera ku mtengo lomwe amayi akumeneko amapaka kumaso. Ataona ndodo anandipatsa mpando wake, iye n'kukhala pansi. Chilankhulo sitinkamvana, mtengo tinkanenerera ndi zala, ndipo pamenepo sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono. Anachita bwino, ndatopa nako kumveredwa chisoni.

Masana tinadya matapa a siri-siri, ndiwo ya masamba a m'mphepete mwa nyanja, ndi mpunga wa kokonati, komanso nsomba yowotcha. Chidwalireni ndinali ndisanamalizepo mbale, koma iyi ndinaipukuta, mwana wanga mpaka kujambula.

Anamwino amene munkandiyendetsa m'khonde ine ndikukalipa, Mulungu akudalitseni. Amayi anzanga amene munkasinthana kundigonera kuchipatala, zitenje zanu ndagula, zili kunyumba. Mubwere mudzasankhe, koma chabuluu chija musachiyang'ane, n'changa.