Maapozi pa Nakonde, mwana ku Goma

Ntchito yanga ndi ya zikalata za malole pa kampani ina yonyamula katundu ku City Deep, kuno ku Johannesburg. Madalaivala athu ambiri ndi a kwathu, ndiye foni ikalira usiku imalira m'Chichewa.

Sabata ya pa 21 April 2025 inayamba mwaulesi chifukwa Lolemba linali holide. Tinali titamva kuti nduna ya zaulimi ya Tanzania panthawiyo, a Hussein Bashe, yachenjeza Malawi ndi South Africa kuti atsegule misika yawo pofika Lachitatu, koma abwana anati andale amangolankhula. Lole yathu ya firiji inali kale pamsewu ndi maapozi opita ku Dar es Salaam, itadutsa Beitbridge ndi Chirundu.

Lachitatu pa 23 a Bashe anachita zomwe ananena. Zokolola za ku Malawi ndi za kuno zisalowe, feteleza asapite ku Malawi. Chifukwa chake: m'mwezi wa March boma la Malawi linaletsa ufa, mpunga, jinja, nthochi ndi chimanga zochokera kunja, pomwe South Africa inali itakhala ikukana nthochi za ku Tanzania kwa zaka. Mayiko atatu onsewa ali mu SADC, ndipo ali ndi pangano la malonda omasuka. Pepala lonena zimenezi, SADC certificate, ndimalidindisa pafupifupi tsiku lililonse. Lachinayi pepalalo linali losathandiza kanthu.

Dalaivala wa maapoziwo ndi bambo wachikulire wa ku Ntcheu, tonse timawatchula kuti amalume. Anaima pa chipata cha Nakonde, mbali ya Zambia, akuona Tunduma, mbali ya Tanzania, ndi maso. Anaimba cha m'ma 5 koloko m'mawa.

"Mwanawe, dizilo wa firiji watsala wa masiku awiri. Nditani?"

"Dikirani kaye amalume, ndilankhule ndi mwini katundu."

Mwini katundu ankafuna kudziwa kuti alipire ndani masiku oimawo. A inshuwalansi anati chiletso cha boma sichili m'pangano lathu. Tsiku lonse ndinathera pa imelo ndi WhatsApp, kufunafuna wogula ku Lusaka, amene anadziwa kuti tapanikizika n'kutchula mtengo wachipongwe. Nkhomaliro ndinadya 4 koloko, pap yozizira.

Usiku amalume anaimbanso, koma osati za maapozi. Mwana wa mchemwali wawo ndi msilikali, ndipo nthawi imeneyo anali akadali kum'mawa kwa Congo. Gulu la asilikali la SADC lomwe linapita kumeneko mu December 2023 linali la mayiko atatu omwewa: South Africa, Malawi ndi Tanzania. Mu January 2025, zigawenga za M23 zikulanda mzinda wa Goma, anafa asilikali 14 a kuno, a Malawi ndi a Tanzania anafanso. Pa 13 March atsogoleri a SADC anagwirizana kuti ntchitoyo ithe. Koma bwalo la ndege la Goma linali lotseka, ndipo mphekesera inali yoti anyamatawo atuluka pamsewu, kudzera ku Rwanda mpaka ku Tanzania.

"Ndiye ngati akukanizana nthochi, mwana uja amulola kudutsa?"

Ndinawauza kuti za asilikali n'zina, za kasitomu n'zina. Ndinanena molimba mtima, koma nditadula foni sindinagone msanga. Anthu amene amakambirana za Congo ndi omwewo amene amatsekerana zipata, ndipo munthu sasiya mkwiyo pakhomo polowa mumsonkhano wina. Pakati pa Lilongwe ndi Dodoma palinso nkhani ya malire a pa Nyanja ya Malawi, yomwe atsogoleri akale a Mozambique ndi South Africa, a Joaquim Chissano ndi a Thabo Mbeki, anayesa kuyanjanitsa koma inangoima panjira. Chilonda choterocho sichifuna kukandidwa.

Lachisanu usiku Tanzania inachotsa chiletsocho, akuti apereke mpata wokambirana. Loweruka amalume anawoloka, firiji ikadali moyo, ngakhale mzera unali wautali moti anafika ku Dar mochedwa ndi masiku atatu. Ndalama za masiku amenewo tikukanganabe.

Lachiwiri lotsatira, pa 29 April, magalimoto oyamba a gulu la SADC anatuluka ku Goma kulowa ku Rwanda. Amalume ananditumizira kavidiyo kake ali pa mzera wotsitsa katundu, osalembapo mawu aliwonse.