Zikomo nonse, buku la asilikali awiri aja latuluka

Dzulo madzulo ndinang'amba katoni n'kutulutsamo buku loyamba. Ndinalinunkhiza, ndinalitembenuza kutsogolo ndi kumbuyo, kenako ndinangokhala pansi chifukwa mawondo anali atalobodoka. "Galasi Likang'anima" latuluka, patatha zaka zinayi ndi miyezi isanu chilembereni chiganizo choyamba. Pachikuto pali dzina langa lokha, koma mutu umodzi susenza denga, ndipo lero ndikufuna ndikuthokozeni pagulu inu amene munasenza nane.

Kwa amene simunamvepo za bukuli, ndi nkhani yopeka ya asilikali awiri odziwa kuwombera patali atabisala, aja timawatchula kuti masinaipa. Amasakana masiku 11 m'mabwinja a mzinda wozingidwa, wina tsidya lino la mtsinje, wina tsidya linalo. Mmodzi amapulumuka. Patapita zaka 30, iye atakalamba kale, amalandira envelopu yopanda dzina la wotumiza, mkati mwake muli khoko la chipolopolo. Zotsalazo mukawerenge nokha.

Ndinayamba ntchitoyi mutu wanga utadzaza manambala. Ndinkadziwa pamtima kuti Vasily Zaitsev, sinaipa wa Soviet Union, anamuwerengera adani 225 ku Stalingrad pakati pa Novembala ndi Disembala 1942, kuti Lyudmila Pavlichenko, wa Soviet Union yemwenso, anafika 309 pomenya nkhondo ku Odessa ndi ku Sevastopol, kuti Carlos Hathcock wa ku America anali ndi 93 otsimikizika ku Vietnam. Imene inkandisowetsa tulo kwambiri inali mbiri yoti Zaitsev anasakana ndi katswiri wina wa ku Germany dzina lake König mpaka kumugwetsa. Pambuyo pake ndinamva kuti akatswiri a mbiri yakale anafufuza dzinali m'mabuku a asilikali a Germany osalipeza, moti ambiri amakayikira ngati munthuyo anakhalakodi. Zimenezo sizinandibweze. Ndinkafuna mpikisano wa akatswiri awiri, ndipo ndinalemba masamba 300 a mpikisano wokhawokha.

Achemwali amene munali mkonzi wanga, zikomo chifukwa simunandinyengerere. Munasunga masamba aja milungu itatu, ndipo pobweza, patsamba lomaliza munali mutalemba ndi cholembera chofiira mawu ochepa chabe: "Mfuti ndaziona. Nanga anthu ali kuti?" Ndinakukwiyirani mwezi wathunthu osayankha foni yanu. Mundikhululukire. Funso lanu lija ndi limene linanditulutsa m'nyumba kukafuna munthu amene anagonapo chafufumimba kuseri kwa mfuti yoteroyo.

Munthuyo ndinamupeza kudzera mwa mnzanga wina, amenenso ndikumuthokoza. Dzina lawo sinditchula, ngakhalenso nkhondo imene anamenya, chifukwa ndinalonjeza. Ine ndinkangowatchula kuti Achikulire. Maulendo atatu oyambirira sanakambe chilichonse cha nkhondo. Chimene ndinaona n'chakuti nthawi zonse ankakhala pampando umodzimodzi, msana atatsamira khoma, maso ali kukhomo, ndipo ndikasuntha mpando wanga n'kuwatchingira khomolo ankandipempha mwaulemu kuti ndisendere pang'ono.

Ulendo wachinayi ndinawawerengera mutu woyamba, pamene msilikali wanga amawombera kanayi ali pawindo limodzi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mwana wanga, munthu wakoyu wafa kale patsamba lachitatu. Ukawombera, umachokapo." Kuyambira tsiku limenelo anayamba kundiphunzitsa. Anati sinaipa kawirikawiri sayenda yekha, amakhala ndi mnzake womuonera, amene amayeza mtunda ndi kuwerenga mphepo poyang'ana udzu, fumbi, utsi, ngakhale kunyezimira kwa mpweya wotentha pamwamba pa nthaka. Anati sukhethemula mfuti ukupuma, umatulutsa mpweya n'kudikira kakanthawi kaja chifuwa chimakhala zii usanakokenso wina. Anandiuza kuti chipolopolo chimathamanga kuposa liwu la mfuti: liwu limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pamene chipolopolo chimatuluka pa liwiro loposa kawiri pamenepo, moti munthu amene chamupeza amagwa asanamve kulira kwa mfuti yomupha. Koma chimene anabwereza kwambiri n'chakuti ntchito yonseyo ndi kudikira. Kugona malo amodzi usana ndi usiku, nyerere zikukulowa m'malaya iwe osatakataka, kukodza pomwe wagonapo, khosi litauma gwaa. Mabuku ambiri amadumpha zimenezi chifukwa amaziona ngati zotopetsa. Ine ndaona kuti mantha enieni a nkhani yotere amakhala m'menemo.

Dzina la buku linachokeranso m'macheza athu. Ndinawauza za Simo Häyhä wa ku Finland, amene amati anapha asilikali a Soviet Union oposa 500 pa nkhondo ya m'nyengo yozizira ya 1939 mpaka 1940, koma sankafuna galasi loonera patali pamfuti yake. Galasi limang'anima dzuwa likaliwomba, limachita nthunzi kukazizira, komanso limakukakamiza kudzutsa mutu. Häyhä ankafika poika chipale chofewa m'kamwa kuti mpweya wake usaoneke. Ngakhale anali wochenjera choncho, pa 6 Marichi 1940 chipolopolo chinamuphwanya nsagwada, ndipo anakhala ndi nkhope yopindika mpaka imfa yake mu 2002 ali ndi zaka 96. Achikulire anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Anachita bwino kulikana galasi. Mwina ankagonako tulo."

Sindinawamvetse tsiku limenelo. Ndinadzawamvetsa patapita miyezi, madzulo ena magetsi atazima, tili mumdima. Anayamba okha, ine osafunsa. Anati msilikali wamba amawombera komwe kuli adani, ndipo wina akagwa amatha kudziuza kuti mwina chinali chipolopolo cha mnzake. Wa galasi alibe pothawira. Anandiuza za mnyamata wina wa mbali inayo amene anamuyang'anitsitsa masiku awiri akudikira lamulo. Anamuona akumeta ndevu pogwiritsa ntchito kachidutswa ka kalilole, anamuona akugawira galu chakudya chake. M'mawa wa tsiku lachiwiri mnyamatayo anavula malaya, nakhala padzuwa n'kumasokerera batani. Ulusi unkakana kulowa m'singano, iye ankaunyowetsa ndi malovu n'kuyesanso, lilime litatuluka pang'ono ngati mwana wasukulu. Lamulo linabwera batanilo lisanathe kusokedwa.

"Ndinkamudziwa kuposa mmene anzake ankamudziwira," anatero Achikulire. Ndipo anati chibwerereni kunkhondo sankatha kuona munthu akusokerera batani. Akazi awo anazindikira okha kuti akangotenga singano bambo amatuluka panja thukuta lili kamukamu, ndiye kwa zaka zonsezo ankasokera kuchipinda atatseka chitseko, osafunsa chifukwa chake. Usiku umenewo ndinabwerera kunyumba n'kufufuta theka la buku. Mpikisano unatsalamo, chifukwa owerenga nkhani zotere amafuna mtima uzigunda, ndipo ndi ufulu wawo. Koma tsopano aliyense mwa asilikali awiriwa amaona nkhope ya mnzake, ndipo wopulumukayo amaisenza nkhopeyo zaka 30.

Apa ndiyenera kunena zimene ambiri simunadziwe. Nditamva nkhani imeneyi ndi zina zimene sizinalowe m'buku, ndinasiya kulemba miyezi isanu ndi itatu. Tulo tinathawa. Ndikatseka maso ndinkaona ulusi ukukana kulowa m'singano. Ndinayamba kukalipira ana pa zinthu zosadziwika, ndipo ndinkachita manyazi kudandaula poti ine nkhondo sindinaionepo. Mayi a ana anga, inu ndi amene munanyamula nyumba nthawi yonseyo. Munkandipeza pakati pausiku ndili pabalaza nyale yozima, osandifunsa zambiri, n'kungokhala pambali panga mpaka kunja kuyere. Ndi inunso amene munandiuza mosapita m'mbali kuti ndikaonane ndi mlangizi, ndipo tsiku loyamba munandiperekeza mpaka pakhomo. Sindidzatha kukubwezerani.

Kwa mlangizi amene munandithandiza, zikomo pondiuza kuti womvetsera zowawa za mnzake nayenso amatha kuvulala, ndipo si chinthu chochititsa manyazi. Zikomonso pondiunikira za matenda amene munthu wanga wa m'buku akudwala, kuti ndisamulembe ngati wamisala. Munandipatsa zowerenga zimene zinandisonyeza kuti vutoli ndi lakale. Dokotala Charles Myers analemba za "shell shock", kusokonezeka maganizo kwa asilikali chifukwa cha nkhondo, m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1915, koma pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse yomweyo gulu lankhondo la Britain linawombera asilikali ake 306 pa milandu monga kuthawa ndi mantha, ndipo anadzawakhululukira mu 2006, onse atawola kalekale. Dzina loti PTSD, la vuto la maganizo limene limatsalira mwa munthu amene anakumana ndi zoopsa, linalowa m'buku la madokotala a maganizo a ku America mu 1980. Nditawerenga zimenezo ndinamvetsa chifukwa chake amuna ambiri a msinkhu wa Achikulire anasankha kukhala chete. Ndinamvetsanso kuti kutsamira khoma kuja, kudzidzimuka chitseko chikamenyetseka, kupewa singano, zonsezo ndi thupi limene silinauzidwe kuti nkhondo inatha.

Anzanga asanu amene munawerenga buku lisanapite kosindikiza, zikomo. Mmodzi wa inu anandifunsa kuti, kodi mumzinda wakowu mulibe anthu wamba? Funso limenelo linanditengera ku mbiri ya Sarajevo, mzinda wa ku Bosnia umene unazingidwa kuyambira 1992 mpaka 1996, kumene anthu ankadutsa pamphambano akuthamanga atawerama, makontena atasanjikizidwa m'mbali mwa misewu kuti awatchinge, pamakoma patalembedwa machenjezo a sinaipa. Ambiri ankawomberedwa popita kukatunga madzi kapena kukagula buledi. Mutu 14, wa mayi wonyamula zigubu ziwiri amene amawerenga masitepe ake powoloka mlatho, unabadwa chifukwa cha inu, ndipo kwa ine ndi mutu umene ndimaunyadira kuposa yonse. Popanda mutu umenewo bukuli likanakhala lotamanda mfuti.

Achimwene amene munapulumutsa mafailo anga kompyuta itafa chaka chachitatu, wojambula chikuto amene munavomera kuchotsa mfuti pachithunzi n'kusiya windo lokha, osindikiza amene munandidikira nditadumpha tsiku lolonjeza kawiri, ndi nonse amene munkandifunsa pa Facebook kuti buku lija lili pati ngakhale pamene ine ndinali nditataya mtima: Mulungu akudalitseni.

Achikulire sanalione bukuli. Anatisiya chaka chatha, nditawawerengera mpaka mutu 19. Ulendo womaliza umene ndinawaona anali atafooka, koma anandigwira dzanja n'kundiuza kuti nkhani ya batani ndiilembe, ndingosintha malo ndi nyengo, ndipo iwo akadzapita ndidzawawerengere akazi awo, poti iwo pakamwa panawakanika zaka zonsezi.

Lero m'mawa ndinatenga buku loyamba lija n'kupita nalo kwa amayi aja, akazi a Achikulire. Andilola kuti ndilembe zimenezi pano, ndipo amayi, zikomo pondilandira m'nyumba mwanu ngati mwana wanu kwa zaka zitatu. Ndinawauza zimene bambo anandituma, n'kutsegula tsamba 212. Ndinawerenga pang'onopang'ono, mawu akundinjenjemera. Nditamaliza anakhala chete nthawi yaitali, manja ali pamiyendo. Kenako anati, "Ndiye chinali chimenechi." Anadzuka, analandira bukulo ndi manja awiri, n'kukaliika pampando uja wotsamira khoma, chikuto chitayang'ana kukhomo.